Momwe msilikali wopuma angalondolere chipukuta misozi ngati anavulala msana pa ntchito

Kuno ku Kasungu kuli abambo ndi amayi amene anatumikira m'gulu la asilikali la Malawi Defence Force ndipo anabwerera kumudzi msana utawonongeka. Ena anagubuduzika ndi galimoto ya ntchito, ena anatera moipa podumpha ndi parachuti, ena anapsinjidwa ndi zitsulo pomanga milatho, ndipo ambiri msana unangotha pang'onopang'ono chifukwa choyenda mitunda italiitali atasenza chikwama cholemera ndi mfuti. Lero munthu wotereyu sangawerame ndi khasu pa mzere wa fodya, sangakwere kabaza kuchoka ku Chamama kufika pa boma osapumira panjira, ndipo usiku amagona pa mkeka chifukwa matiresi amamuwawitsa. Malangizo awa ndalembera iyeyo, komanso mkazi wake, mwana wake kapena mphwake amene amamuyendera m'maofesi.

Mfundo imene ndikufuna muigwire musanawononge ndalama ya thiransipoti ndi yakuti ofesi yoona za chipukuta misozi imatsata mapepala. Ululu wanu, ngakhale utakula chotani, wogwira ntchito mu ofesi sangaulowetse m'fayilo pokhapokha pali chikalata chosonyeza tsiku limene munavulala, china chosonyeza kuti munali pa ntchito, ndi china cha dokotala chonena kuti msana umene ukukuvutani lero unayambira pa tsiku limenelo. Ntchito yonse ndi yolumikiza zikalata zitatuzi kuti pasakhale mpata pakati pake.

Yambani ndi zimene zili m'nyumba

Tsegulani sutikesi, bokosi kapena jumbo imene mumasungamo mapepala, ndipo mutulutse chilichonse chimene chili ndi nambala yanu ya usilikali. Mufunika chikalata chimene munalandira popuma pa ntchito, chiphaso cha unzika cha ku NRB, mapepala a malipiro kapena a penshoni, ndi mabuku onse a kuchipatala, ngakhale akale ong'ambika amene munkati alibenso ntchito. Buku lakale ndilo lofunika kwambiri, chifukwa mzere umodzi wolembedwa ndi wachipatala m'chaka chimene munavulala umaposa masamba ambiri olembedwa chaka chino. Mukapeza kalata yokutumizani ku ntchito ina yapadera, chithunzi chimene munajambulitsa muli m'chipatala, kapena kapepala kokupatsani ntchito zopepuka chifukwa cha msana, zonsezo ziikeni pamodzi.

Pitani nazo pa boma mukachite fotokope, pepala lililonse makope atatu. Mapepala enieniwo asachoke m'manja mwanu. Ofesi ikafuna kuwaona, aone muli pomwepo ndipo akubwezereni. Malume anga anasiya buku lawo lakale la kuchipatala pa tebulo la ofesi ina atauzidwa kuti adzalitenge sabata yotsatira, ndipo silinapezekenso, moti zinatitengera nthawi yaitali kuti tipeze umboni wina wolowa m'malo mwake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ngati m'banja muli foni yojambula, jambulaninso tsamba lililonse ndi kutumiza zithunzizo kwa wachibale wodalirika, chifukwa chiswe ndi denga lodontha sizisankha pepala.

Lembani mbiri ya kuvulalako

Khalani pansi ndi munthu wodziwa kulemba bwino, ndipo mulembe zimene zinachitika motsatana. Tchulani chaka ndi mwezi, malo, gulu limene munali, ntchito imene munatumidwa, amene anakutumani, momwe munavulalira, amene anakunyamulani, ndi chipatala choyamba chimene munafikako. Ngati tsiku lenileni mwaliiwala, musalipeke. Lembani chimene mukukumbukira motsimikiza, monga kuti inali nyengo ya mvula m'chaka chakuti, muli ku maphunziro ku MAFCO ku Salima, kapena muli ku Moyale ku Mzuzu. Tsiku lopeka likadzasiyana ndi la m'fayilo ya ku ntchito, nkhani yanu yonse imayamba kukayikiridwa.

Asilikali ambiri amagwa pamenepa chifukwa cha khalidwe limene ntchito yomweyo inawaphunzitsa. Msilikali amaphunzitsidwa kulimba mtima, ndipo wopita kuchipatala pafupipafupi anzake amamuona ngati wothawa ntchito, choncho ambiri ankangomwa panado n'kubwerera pa mzere. Ngati inunso munatero, m'fayilo mulibe kanthu, ndipo mufunika mboni. Funafunani anzanu awiri kapena atatu amene analipo tsikulo, makamaka amene anali wamkulu wanu kapena wachipatala wa gulu lanu. Aliyense alembe yekha zimene anaona ndi maso ake, aikepo nambala yake ya usilikali, ndipo akalumbirire chikalatacho pamaso pa majisitireti kapena loya wololedwa kulumbiritsa anthu. Musawalembere mawu ofanana kuti angosayina, chifukwa makalata atatu ofanana mawu ndi mawu amaoneka kuti anapanganidwa. Bungwe la asilikali opuma la Veterans and Ex-Service League of Malawi, lomwe ambiri amangoti VELOM, ndi poyambira pabwino mukamafunafuna anzanu amene munatayana nawo.

Pitani kuchipatala ndi cholinga chopeza lipoti

Gawo ili ndilo limadya ndalama ndi nthawi, ndipo ndi pamene nkhani zambiri zimafera. Yambirani pa chipatala cha boma cha Kasungu ndipo mupemphe kuonana ndi wachipatala woona za mafupa. Muuzeni poyera kuti mukufuna chithandizo komanso lipoti lolembedwa, chifukwa mukapanda kunena, adzakulemberani mankhwala opha ululu n'kukuuzani kuti mudzabwerenso.

Ndi bwino kudziwako pang'ono za msana kuti muzimva zimene zikulembedwa. Msana uli ndi mafupa ang'onoang'ono osanjikizana, 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, ndi 5 m'chiuno, ndipo madokotala amawalemba ndi zilembo C, T ndi L motsatana. Pakati pa fupa ndi fupa pali kachinthu kofewa kokhala ngati kakhushoni, kamene amakatcha disiki, ndipo m'kati mwa mafupawo mumadutsa chingwe cha mitsempha chochokera ku ubongo chimene chimalamulira miyendo, chikhodzodzo ndi matumbo. Kwa anthu osenza katundu wolemera, disiki imene imawonongeka kawirikawiri ndi ya pakati pa L4 ndi L5, kapena ya pakati pa L5 ndi S1, fupa lotsatira m'munsi mwake, ndipo ikatuluka n'kupanikiza mtsempha, ululu umatsika m'thako mpaka kuphazi, mwendo n'kumachita dzanzi.

Kujambula kwa ekisire kumene kumachitika pa chipatala cha boma kumaonetsa mafupa okha. Kumatha kusonyeza fupa lothyoka kapena lophwanyika, koma disiki ndi mitsempha sizioneka. N'chifukwa chake munthu wovutika kwambiri amatha kuuzidwa kuti chithunzi chake chili bwinobwino, iye n'kubwerera kumudzi atataya mtima. Chimene chimaonetsa disiki ndi mitsempha ndi sikani ya MRI, ndipo kuti muipeze mufunika kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1. Pa Kamuzu Central Hospital pali chipatala cha mafupa ndi mitsempha cha LION, chomwe chinayamba kulandira odwala m'chaka cha 2023, ndipo kumeneko n'kumene kuli madokotala oyenera kulemba lipoti la msana. Musanyamuke popanda kalata yotumizira, ndipo funsani tsiku la kiliniki musanakwere basi, chifukwa msana wodwala suyenera kuyenda ulendo umenewu kawiri pachabe.

Pamaso pa dokotala, siyani chizolowezi choyankha kuti muli bwino. Fotokozani tsiku loipa, osati tsiku labwino. Nenani mtunda umene mungayende musanakhale pansi, mphindi zimene mungaime, ngati mungathe kuvala nsapato nokha, ngati phazi limakoka pansi poyenda, ndi kuti mumadzuka kangati usiku chifukwa cha ululu. Pali zina zimene abambo amachita nazo manyazi, monga mkodzo wotuluka wokha, kulephera kudziletsa kuchimbudzi, ndi kutha mphamvu m'banja. Zimenezi ndi zizindikiro za mitsempha ya mumsana ndipo zimawerengedwa poyeza kukula kwa ulumali, choncho mukazibisa mwadzichepetsera nokha chipukuta misozi. Ngati n'kovuta kuzinena pamaso pa mwana amene wakuperekezani, mupempheni atuluke kaye. Komanso musawonjezere zimene kulibe, chifukwa dokotala ali ndi njira zoyezera mphamvu ya mwendo ndi kumva kwa khungu, ndipo akaona kuti mukukokomeza adzalemba zomwezo.

Pali chinthu chimodzi chimene sichiyembekeza mapepala. Mukaona kuti mkodzo wasiya kutuluka mwadzidzidzi, kapena pakati pa miyendo pachita dzanzi, kapena miyendo yonse iwiri ikufooka msangamsanga, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mitsempha yopanikizika chotero ikachedwa kumasulidwa imatha kufa osadzukanso.

Lipoti limene mukufuna likhale ndi dzina la vuto ndi malo ake pa msana, zotsatira za kujambula, zimene simungathenso kuchita, ngati vutolo ndi lokhalitsa, ndi maganizo a dokotala pa chimene chinaliyambitsa. Mbali yomalizayi ndi imene imaiwalika, chonsecho ndi imene imalumikiza chipatala ndi ntchito. Mupatseni dokotala mbiri imene munalemba ija pamodzi ndi buku lakale, ndipo mumupemphe mwaulemu kuti alembe ngati zimene waona zikugwirizana ndi kuvulala kumene mwafotokoza. Ofesi imatha kunena kuti msana wanu watha ndi ukalamba, kapena ndi khasu la kumudzi mutapuma kale, kapena kuti ndi TB ya mumsana, matenda amene m'dziko muno amapezekadi ndipo amadya mafupa a msana mpaka munthu kupindika. Dokotala akalemba kuti anayeza ndipo si TB, ndiponso kuti fupa likusonyeza kuthyoka kwakale, mwatseka makomo amene akanakukanirani. Onetsetsani kuti lipotilo lili ndi dzina la dokotala, siginecha, tsiku ndi chidindo cha chipatala.

Lemberani ku likulu la asilikali

Ena amataya miyezi ku ofesi ya za ntchito pa boma poganiza kuti nkhani yawo iyenda ngati ya wogwira ntchito pa esiteti. Lamulo la Employment Act la 2000 silikhudza asilikali. Za ntchito ya msilikali, kupuma kwake ndi penshoni yake zimayendera Defence Force Act, lamulo limene linalipo la 2004 ndipo linalowedwa m'malo ndi latsopano la 2023, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono otuluka pansi pake. Choncho kalata yanu ipite ku likulu la MDF ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, kwa mkulu wa asilikali, ndipo kope lina lipite ku gulu limene munapumirako.

Kalatayo ikhale yaifupi, tsamba limodzi kapena awiri. Pamwamba lembani dzina, nambala ya usilikali, udindo umene munapuma nawo, gulu lanu lomaliza, keyala ndi nambala ya foni. Kenako fotokozani kuvulalako m'ndime imodzi, ndipo mupemphe zinthu momveka bwino. Pemphani kope la fayilo yanu ya chipatala ya ku ntchito. Pemphani lipoti la kafukufuku amene anachitika ngozi itachitika, amene pa ntchito amamutcha Board of Inquiry, ngati analipo. Pemphani kuti muonedwe ndi bodi ya madokotala imene imayeza ulumali n'kuupatsa maperesenti, kapena muonedwenso ngati munaonedwa kale koma msana wafika poipa. Potsiriza pemphani kuti akuuzeni molemba zimene malamulo amapereka kwa munthu wa maperesenti amenewo ndi momwe ndalamayo imawerengedwera. Pansi pa kalata lembani mndandanda wa makope onse amene mwaphatikiza.

Kalatayo ikaperekedwe pamanja, ndipo wolandira adinde, asayine ndi kulemba tsiku pa kope lanu. Kope lodindidwalo ndilo umboni wakuti munapempha, ndipo mudzalifuna kutsogolo. Gulani kakope ka sukulu kolembamo ulendo uliwonse ndi foni iliyonse, tsiku, amene munalankhula naye ndi zimene anakuuzani. Pakatha mwezi popanda yankho, lembani kalata yokumbutsa yotchula tsiku la kalata yoyamba.

Mukaitanidwa ku bodi, tengani mapepala onse ndi ndodo kapena lamba wa msana amene mumagwiritsa ntchito masiku onse, ndipo musamwe mankhwala opha ululu mopyola muyeso kuti muoneke olimba. Zotsatira zikatuluka, musasayine pepala lonena kuti mwalandira zonse ndipo simudzafunsanso musanaliwerenge ndi munthu wodziwa malamulo.

Ngati munavulalira kunja kwa dziko

Asilikali a Malawi akhala akutumizidwa kukasungitsa mtendere, monga ku Côte d'Ivoire, komanso ku Democratic Republic of Congo, kumene kuyambira mu 2013 anali m'gulu lapadera la United Nations pamodzi ndi asilikali a ku South Africa ndi Tanzania. Wovulala pa ntchito ya United Nations ali ndi khomo lina la chipukuta misozi. Kuyambira pa 1 Julayi 2018, bungweli limapereka madola 77,000 a ku America msilikali akamwalira pa ntchito, ndipo zisanafike pamenepo linkapereka madola 70,000. Wolumala kokhalitsa amalandira gawo la ndalama imeneyi molingana ndi maperesenti a ulumali wake, kotero kuti amene wayezedwa pa 20 peresenti gawo lake ndi madola 15,400.

Msilikali sangalembere yekha ku likulu la United Nations ku New York. Pempho limaperekedwa ndi boma la dziko lake kudzera ku ofesi ya kazembe wake ku United Nations, ndipo ndalama ikatuluka imadzeranso ku boma. Choncho m'kalata yanu ya ku likulu funsani mwachindunji ngati kuvulala kwanu kunalembedwa pa nthawiyo ku misheni, ngati pempho linatumizidwa, tsiku limene linatumizidwa, ndi yankho limene linabwera. United Nations imakana pempho ikaona kuti vutolo munthu anali nalo asananyamuke, choncho lipoti la kuyezedwa kumene munachita musanakwere ndege, losonyeza kuti msana unali bwino, ndi chikalata chamtengo wapatali. Dziwaninso kuti ntchito imene asilikali athu anagwira ku Congo pansi pa SADC kuyambira kumapeto kwa 2023 mpaka 2025 sinali ya United Nations, ndipo ziwerengero zimene ndatchulazi siziikhudza.

Akakukanani kapena akangokhala chete

Gawo 43 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu woti ofesi ya boma imuchitire zinthu mwachilungamo, ndiponso imupatse zifukwa molemba pamene chigamulo chake chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Mukauzidwa pakamwa kuti nkhani yanu yakanidwa, lembani kalata yopempha zifukwa ndipo mutchule gawo limeneli. Zifukwazo zimakuuzani pamene pali mpata. Akati palibe umboni wakuti munavulala pa ntchito, mubwerere kwa mboni, ndipo akati ndi ukalamba, mubwerere kwa dokotala. Ngati akukumanani fayilo yanu, lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limakupatsani mphamvu yopempha zolembedwa zimene ofesi ya boma ikusunga.

Ofesi ya Ombudsman ku Lilongwe imalandira madandaulo a anthu amene ofesi za boma zawachedwetsa kapena kuwachitira mopanda chilungamo, ndipo sililipiritsa. Kumeneko n'kumene kope lodindidwa ndi kakope ka maulendo kaja zimagwira ntchito. Ngati nkhani ikufunika bwalo la milandu koma mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau. Pamenepa musazengereze, chifukwa pempho loti bwalo lalikulu liunikenso chigamulo cha ofesi ya boma limayenera kuperekedwa pasanathe miyezi itatu chigamulocho chitaperekedwa, ndipo mlandu wosumira kuvulala nthawi yake ndi zaka zitatu. Wofuna kusumira boma amayeneranso kudziwitsa kaye loya wamkulu wa boma, Attorney General, molemba. Loya ndiye angakuuzeni ngati nthawi ikadalipo pa nkhani yanu, choncho muoneni kalata yokana ikangofika.

Pa nkhani zotere sipalephera kubwera madobadoba olonjeza kuti akudziwa bwana wina ndipo fayilo ituluka msanga mukawapatsa kangachepe. Musawapatse ndalama, ndipo makamaka musawapatse mapepala anu enieni kapena nambala yachinsinsi ya ku banki.

Pamene mukudikira

Fayilo imayenda pang'onopang'ono, koma thupi silidikira. Pitirizani mafizo pa chipatala cha boma, ndipo ulendo uliwonse ulembedwe m'buku, chifukwa buku lodzaza limasonyeza kuti vutolo silinathe. Amene miyendo inafa afunika kutembenuzidwa maola awiri alionse ndi kuyang'anidwa khungu la m'matako ndi m'zidendene tsiku ndi tsiku, popeza zilonda zogonera ndi matenda a m'chikhodzodzo ndizo zimapha anthu ovulala msana, nthawi zina fayilo isanatuluke. Funsani a mafizo za njinga ya olumala ndi za Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, kumene amaphunzitsa ovulala msana kudzisamalira. Lembetsaninso ku ofesi ya chisamaliro cha anthu pa boma ndi ku MACODA, bungwe loona za anthu aulumali limene kale linkatchedwa MACOHA. Sungani malisiti a mankhwala, a thiransipoti ndi a sikani mu envulopu imodzi.

Pomaliza, khalani pansi ndi mayi a kunyumba kapena mwana wamkulu ndipo muwaonetse fayilo yonse tsamba ndi tsamba, kuti adziwe nambala yanu ya usilikali, ofesi imene ili ndi kalata yanu, ndi tsiku limene munaipereka. Onetsetsani kuti maina a mkazi ndi ana amene analembedwa ku ntchito ndi olondola ndipo akufanana ndi a pa ziphaso zawo za unzika, ndipo ngati banja linasintha mutapuma, lembani kalata yokonza mainawo. Tsiku limene msana udzakukanizani kukwera basi ya ku Lilongwe, lembani kalata yaifupi yopatsa mphamvu wachibaleyo kuti akuyendereni, muisayine pamaso pa majisitireti, ndipo apite ndi kope la chiphaso chanu pamodzi ndi chake.